Aphungu Athu ndi Kasankhidwe ka Ofufuza Ziphuphu

(Awa ndi mawu amene mlembi wa nthambi yathu, amenenso ali mphunzitsi, anayankhula pa msonkhano wa mamembala. Tawasindikiza onse monga a komiti anapempha, kuti amene sanafike awerenge, ndi kuwerengeranso anzawo osadziwa kuwerenga.)



A komiti anandituma kuti ndifotokoze nkhani imene timaimva kawirikawiri pa wailesi, koma ambiri a ife timaiyesa nkhani ya anthu a ku Lilongwe okha. Nkhaniyo ndi iyi: anthu amene apatsidwa ntchito yofufuza akuluakulu a Boma akaba kapena akalandira ziphuphu, amawasankha ndani? Nanga aphungu amene tinawatuma ku Nyumba ya Malamulo ali ndi gawo lanji pa kusankhako? Ndiyesa kulongosola chimodzichimodzi, ndipo potsiriza ndipereka maganizo amene nthambi yathu ingakambirane.

Poyamba tigwirizane chifukwa chake nkhaniyi ili yathu. Ndalama zonse zimene Boma ligwiritsa ntchito zichokera kwa ife. Munthu aliyense ali pano, pogula malata, chitenje kapena mayunitsi a foni, apereka msonkho, ngakhale sapatsidwa chiphaso m'manja monga ankachitira makolo athu pa msonkho wa kale uja. Boma likakongola ndalama kunja, odzabweza ndi ana awa amene ndiwaphunzitsa m'kalasi. Chotero thumba la Boma ndi nkhokwe ya mudzi wonse. Mu 2013 tinaona chimene chichitika nkhokwe ikasowa mlonda. Ofufuza mabuku a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo kufikira Sepitembala, ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka m'thumba la Boma mwachinyengo, zambiri zolipira katundu amene sanabwere ndi ntchito zimene sizinagwiridwe. Ndiyo nkhani ya Cashgate imeneyo. Mayiko otithandiza anaimitsa ndalama zawo, ndipo amene anamva kuwawa ndi odwala m'zipatala ndi ana m'sukulu za kumudzi ngati zathuzi.

Alonda ake ndani?

Pamene dziko lathu linasankha ulamuliro wa zipani zambiri pa 14 Juni 1993, ndipo malamulo aakulu a dziko atsopano analembedwa mu 1994, olembawo anali atakhala zaka makumi atatu pansi pa ulamuliro umene munthu mmodzi ankalemba ndi kuchotsa aliyense monga afunira. Chifukwa chake anaika m'malamulomo kuti maudindo ena akuluakulu asamaperekedwe ndi dzanja limodzi. Gawo 56 linena kuti Nyumba ya Malamulo izikhala ndi komiti yoona za anthu oikidwa pa maudindo a Boma, ndipo kuti zipani zonse zimene zili m'Nyumbamo zizikhala ndi aphungu mu komitiyo molingana ndi kuchuluka kwa mipando yawo. Pa Chingerezi aitcha Public Appointments Committee, ndipo pa wailesi mumva akuti PAC. Muchenjere, pakuti pali PAC ina ya aphungu yoona za kayendetsedwe ka ndalama za Boma, ndi inanso ya atsogoleri a mipingo. Ine ndikunena ya maudindo.

Tsono alonda amene ndifuna tiwadziwe ndi atatu. Woyamba ndi Ombudsman, womva madandaulo a anthu amene maofesi a Boma awachitira zosalungama. Ameneyu Pulezidenti samusankha konse. Gawo 122 linena kuti Mlembi wa Nyumba ya Malamulo azilengeza poyera kuti malo alipo, anthu azipereka mayina, ndipo komiti ya aphungu ija ndiyo iziika munthu pa mpandowo. Akhala zaka zisanu. Wachiwiri ndi mkulu wa ofesi imene akuluakulu a Boma amakalembetsako chuma chawo polowa ntchito, malinga ndi lamulo la 2013. Iyenso aikidwa ndi komiti yomweyo. Wachitatu, amene dzina lake limveka koposa, ndi mkulu wa bungwe lothana ndi ziphuphu ndi katangale la Anti-Corruption Bureau, kapena kuti ACB, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995. Ameneyu asankhidwa ndi Pulezidenti, koma sangakhale pa mpando kufikira komiti ya aphungu itamufunsa mafunso ndi kumuvomereza. Ngakhale pomuchotsa, lamulo lifuna kuti komitiyo ivomereze.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife. Mafumu ali pano adziwa kuti ufumu sulongedwa ndi munthu mmodzi: mbumba ikhala pansi ndi kutchula dzina, akuluakulu a banja alisinkhasinkha, ndipo mfumu yaikulu ndiyo idzalonga. Ngakhale ukwati, nkhoswe za mbali imodzi sizimanga zokha. Kusukulu kwathu, woyendera sukulu sasankhidwa ndi mphunzitsi wamkulu amene iye adzamuyendere, pakuti akadatero, malipoti onse akadanena kuti zonse zili bwino ngakhale denga likudontha. Munthu wa ntchito amaopa amene anamulemba ntchito ndi amene angamuchotse. Chimenechi ndicho chenicheni cha nkhani yonseyi. Mkulu wa ACB afunika kufufuza nduna, alembi aakulu a maunduna, aphungu, ngakhale anthu a m'nyumba ya Pulezidenti. Ngati mpando wake uli m'manja mwa anthu omwewo, takumana ndi mwambi uja wakuti khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Zimene zaka zapitazi zatiphunzitsa

Mbiri ya mpando umenewu itisonyeza kuti mantha awa ali ndi maziko. Mkulu woyamba wa ACB, a Gilton Chiwaula, anachotsedwa mu 2002 pa ulamuliro wa a Bakili Muluzi. Mu Julaye 2006 bungweli linamanga a Muluzi omwewo, ali kale pulezidenti wopuma, ndipo patangopita maola ochepa a Bingu wa Mutharika anaimitsa ntchito mkulu wa bungwelo, a Gustave Kaliwo, amene sanabwererenso pa mpandowo. Mu Julaye 2015 mmodzi wa akuluakulu a bungweli, a Issa Njauju, anaphedwa ku Lilongwe. Taonani tsono kuti ntchito imeneyi si yosewera, ndipo munthu woilandira ayenera kudziwa kuti aphungu a dziko lake ali kumbuyo kwake.

Mu 2016 phungu wina wa mbali yotsutsa, a Peter Chakhwantha, anabweretsa m'Nyumba ganizo lakuti mphamvu yosankha mkulu wa ACB ichoke kwa Pulezidenti. Aphungu a mbali ya Boma anakana, ndipo ganizolo linagwa. Koma anthu sanaleke kulankhula, kotero kuti lamulo linasinthidwa pang'ono, ndipo kuyambira 2019 njira yake inakhala yotere: Nduna ya Zachilungamo ilengeza malo poyera, gulu la anthu ochokera m'magawo osiyanasiyana a dziko lifunsa mafunso onse opempha ntchito, mayina osapitirira atatu apita kwa Pulezidenti, iye asankhapo limodzi, ndipo komiti ya aphungu ivomereza kapena kukana. Wosankhidwayo akhala zaka zitatu. Muone kuti zipata zinachuluka, koma chipata chotsiriza chinakhalabe cha aphungu athu.

Tsopano ndifike pa chitsanzo chimene chikhudza ife alimi. Boma linakongola ndalama zokwana madola 50 miliyoni ku India, ndipo mwa zina linagula mathirakitala 177 ndi makina otongolera chimanga 144, ponena kuti athandiza alimi ang'onoang'ono. Kodi alipo pano amene thirakitala yoteroyo inalima m'munda mwake? Zambiri mwa zipangizozo zinagulitsidwa pa mtengo wotsika kwa anthu amaudindo ndi ena ochita bwino, pamene ngongole inatsala pa mutu pa ife tonse. Mmodzi wa anthu amene anakadandaula anali mlimi wamng'ono wa ku Rumphi. Ombudsman wa nthawi imeneyo, mayi Martha Chizuma, amene komiti ya aphungu inawaika pa mpandowo mu 2015, anafufuza nkhaniyo ndi kutulutsa lipoti mu Okutobala 2016, nalamula kuti akuluakulu a maunduna okhudzidwa apepese kwa Amalawi. Boma linapita kukhoti kukatsutsa, koma mu Febuluwale 2019 Khoti Lalikulu la Apilo linagamula kuti Ombudsman anachita monga mwa mphamvu zake. Dandaulo la mlimi mmodzi linafika patali chotero chifukwa pa mpando panali munthu amene sanaope, ndipo nduna sizikadatha kumuchotsa ndi kalata imodzi.

Mayeso a mu Meyi 2021

Mu 2021 Pulezidenti Lazarus Chakwera anasankha mayi omwewa kuti akhale mkulu wa ACB, atapambana pa mafunso a gulu lija. Pa 11 Meyi anakaonekera pamaso pa komiti ya aphungu, imene wapampando wake anali mayi Joyce Chitsulo. Aphungu 18 anakhalapo, ndipo aliyense anapereka malikisi ake pa 25. Kuti munthu apambane anafunika kupeza 17. Atawonkhetsa ndi kugawa, panatuluka 14.9, ndipo dziko linauzidwa kuti mayiwo akanidwa. Zinamveka kuti aphunguwo anagawanika pakati: theka linapereka malikisi apamwamba kwambiri, theka lina apansi penipeni.

Pano mundilole ndiyankhule monga mphunzitsi. Aphunzitsi awiri akachonga pepala limodzi la mwana mmodzi, wina akhoza kupereka 18, wina 21. Kusiyana kotero tikudziwa, pakuti maso a anthu saona chimodzimodzi. Koma wina akapereka malikisi pafupifupi onse, ndipo mnzake, pa mayankho omwewo, akapereka pafupifupi kanthu ayi, mphunzitsi wamkulu aliyense adziwa kuti cholakwika sichili papepala la mwanayo. Aitana aphunzitsi onse awiri ndi kuwauza kuti, tandionetsani yankho lake ndi liti limene mwalipatsa malikisi amenewa, ndipo chifukwa chake n'chiyani. Wochonga mayeso amene sangathe kufotokoza malikisi ake sayenera kugwiranso cholembera chofiira. Munthu amene komiti yonga yomweyo inamuona woyenera kukhala Ombudsman, ndipo anagwira ntchitoyo zaka zisanu dziko lonse likuona, angasanduke bwanji wosadziwa kanthu tsiku limodzi?

Ndipo njira yowonkhetsa ndi kugawa ili ndi msampha umene ana a Sitandade 6 angauone. Tinene kuti aphungu ndi khumi, ndipo asanu ndi mmodzi aona kuti munthuyo ayenera, namupatsa 22 aliyense. Pamodzi ndi 132. Anayi otsalawo apangana kumupatsa 1 aliyense, pamodzi 136. Gawani ndi khumi, mupeza 13.6, ndipo munthuyo wagwa ngakhale ambiri anamufuna. Chotero ochepa akapangana kuseri angagonjetse ambiri, popanda wina wa iwo kuimirira ndi kunena poyera cholakwa cha munthuyo.

Anthu sanakhale chete. Mabungwe, mipingo, manyuzipepala ndi anthu wamba pa mawailesi anafunsa funso limodzi: chifukwa chake n'chiyani? Nyumba yonse ya Malamulo inagwirizana kuti komiti ipereke zifukwa zake. Komiti inakumananso pa 17 Meyi. Aphungu ena anatuluka, ndipo mwa 13 amene anatsala, 12 anavomereza. Mayi Chizuma anayamba ntchito pa 1 Juni 2021. Pa masiku asanu ndi limodzi amenewo mayiwo sanapite kusukulu ina, ndipo sanalembe mayeso atsopano. Chimene chinasintha ndi chakuti aphungu anadziwa kuti kwawo kumidzi anthu akuwayang'ana.

Koma ndikuchenjezeni pa chinthu chimodzi, kuti tingatengepo phunziro lolakwika. Sindikunena kuti komiti izivomereza aliyense amene Pulezidenti watumiza, kapena aliyense amene anthu akumuimbira m'manja. Komiti imene sikana munthu ndi chidindo chabe, ndipo chidindo sichifuna malipiro a phungu. Mphamvu yokana ndi yabwino ndipo tiisunge, pakuti tsiku lina Pulezidenti wina adzatumiza mlamu wake kapena mnyamata wa chipani chake, ndipo tidzafuna aphungu olimba mtima akuti iyayi. Chimene tikupempha ndi chakuti akakana anene chifukwa, akavomera anenenso chifukwa.

Kuvomereza si mapeto a ntchito

Zimene zinatsatira zitiphunzitsa kuti udindo wa aphungu sutha tsiku lovomereza munthu. Pa 6 Disembala 2022, m'bandakucha, apolisi anamanga mayi Chizuma kunyumba kwawo ku Lilongwe ndi kupita nawo ku polisi ya Namitete, chifukwa cha dandaulo la mkulu woimira Boma pa milandu wa nthawi imeneyo, a Steven Kayuni, pa mawu ena a pa foni amene anajambulidwa ndi kufalitsidwa kumayambiriro kwa chaka chimenecho. Tsiku lomwelo aphungu a mbali zonse anadzudzula zimenezi m'Nyumba, ndipo mayiwo anatulutsidwa. Pulezidenti anaika gulu lofufuza lotsogoleredwa ndi woweruza wopuma a Edward Twea, ndipo mu Januwale 2023 a Kayuni anachotsedwa. Koma kumapeto kwa mwezi womwewo ofesi ya Mlembi Wamkulu wa Boma inalembera mayi Chizuma kalata yowaimitsa ntchito. Bungwe la maloya la Malawi Law Society linapita kukhoti, khoti linaletsa kuimitsako, ndipo mu Febuluwale milandu yawo inathetsedwa. Funso limene linatsala ndi ili: ngati lamulo linena kuti mkulu wa ACB sachotsedwa popanda komiti ya aphungu, kodi ndi bwino kuti kalata ya ofesi ina imuchotse pa mpando podzera kukhomo la kuseri?

Pa nthawi yomweyo aphungu anachitaponso chinthu chabwino chimene tiyenera kuwayamikira. Kale ACB sinkatha kutengera munthu kukhoti pa mlandu wa ziphuphu popanda chilolezo cha mkulu woimira Boma pa milandu, amene iyenso asankhidwa ndi Pulezidenti. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inachotsa chiletso chimenecho. Wakutsina khutu ndi mnansi. Tikawadzudzula pa zolakwa, tinenenso zimene akonza.

Zaka zitatu za mayi Chizuma zinatha mu Meyi 2024. Kuchokera pamenepo bungweli linakhala nthawi yoposa chaka likuyendetsedwa ndi wongogwirizira mpando, kufikira dziko linalowa m'chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 lilibe mkulu wovomerezedwa ndi aphungu. Apa pali chinthu chimene ambiri sitichiona. Wogwirizira mpando sanadutse pa chipata cha komiti, ndipo alibe chitetezo chonse cha munthu wovomerezedwa. Ngati iye mwini akufuna kudzapatsidwa mpandowo, tsiku lililonse aganiza kawiri asanagogode pa khomo la nduna. Chotero boma lililonse limene silifuna kuvutika ndi mafunso a aphungu lili ndi njira yapafupi, ndiyo kungozengereza osatumiza dzina. Ndipo muone, abale, kuti pa zitsanzo zonse ndatchulazi palibe chipani cholamula chimene chatuluka choyera. Chipani chili kotsutsa chifuna mlonda wa mano. Chikalowa m'boma chiyamba kuona kuti manowo ndi aatali.

Anzathu a ku South Africa amachita bwanji?

Ambiri a inu muli ndi ana ndi abale ku Joni, choncho nkhani ya kumeneko si yachilendo. Kumeneko kuli ofesi yonga ya Ombudsman wathu, yotchedwa Public Protector. Komiti ya aphungu ifunsa opempha ntchito mafunso poyera, anthu akuonera pa wailesi ya kanema. Dzina limene komiti yasankha lipita ku Nyumba yonse, ndipo liyenera kuvomerezedwa ndi aphungu 60 pa 100 alionse, ndiko kuti 240 mwa aphungu 400, Pulezidenti angosaina. Munthuyo akhala zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo saloledwa kubwerezanso, kotero kuti alibe chifukwa chokondweretsa aliyense poyembekeza nthawi yachiwiri. Mayi Thuli Madonsela, amene anakhala pa mpandowo kuyambira 2009 kufikira 2016, anafufuza ndalama za boma zimene zinagwiritsidwa ntchito pa nyumba ya Pulezidenti Jacob Zuma kwawo ku Nkandla. Khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula mu Malichi 2016 kuti zimene mayiwo analamula ziyenera kutsatidwa, ndipo a Zuma anabweza 7.8 miliyoni ya ndalama za kumeneko.

Komabe njira imeneyi si mankhwala a matenda onse. Aphungu omwewo, mwa njira yomweyo, anasankha mayi Busisiwe Mkhwebane mu 2016, ndipo makhoti anakana malipoti awo angapo ndi kuwadzudzula, kufikira Nyumba ya Malamulo inawachotsa mu Sepitembala 2023. Phunziro lake ndi lakuti lamulo labwino lithandiza, koma silingalowe m'malo mwa aphungu ochita ntchito yawo ndi mtima woona. Kungochotsa mphamvu kwa Pulezidenti ndi kuipereka kwa aphungu sikukwanira, ngati aphunguwo angotsata zimene akulu a chipani awanong'oneza usiku.

Ena adzati: mukakakamiza phungu kuonetsa poyera mmene wavotera, simukumuika kodi m'manja mwa chipani chake, chimene chingamulange akasiyana nacho? Funso limeneli ndi lanzeru ndipo tisalinyoze. Yankho langa ndi ili. Voti yachinsinsi ndi ufulu wa ine ndi inu pa tsiku la chisankho, chifukwa tivotera m'dzina la ife eni. Phungu savota m'dzina lake; avota m'dzina la anthu onse a dera lake. Mthenga amene mwamutuma kwa mfumu sangabwere n'kunena kuti zimene ndakanena kumeneko ndi chinsinsi changa. Ndipo kumbukirani kuti gawo 64 la malamulo aakulu, limene linkatipatsa mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, aphungu analichotsa mu 1995. Chida chimene tatsala nacho ndi voti ya pa zaka zisanu, ndipo voti imeneyo tidzaiponya bwanji mwanzeru ngati sitidziwa zimene phungu wathu anachita mu komiti?

Zimene nthambi ingapemphe

Chotero, Bambo Wapampando, ndikuika patsogolo pa msonkhano uno mfundo zisanu ndi imodzi.

Yoyamba: dzina la munthu wosankhidwa lizilengezedwa masabata angapo komiti isanakumane, kuti aliyense wodziwa kanthu za iye, kabwino kapena koipa, alembere komiti ndi kupereka umboni.

Yachiwiri: mafunso a komiti aziulutsidwa pa wailesi, ndipo aziwamasulira m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao ndi zinenero zathu zina, pakuti eni nkhokwe ambiri samva Chingerezi.

Yachitatu: phungu aliyense azilemba dzina lake pa malikisi amene wapereka, pamodzi ndi chifukwa chake, ndipo komiti izipereka lipoti ku Nyumba yonse.

Yachinayi: phungu amene ali ndi mlandu ku ACB, kapena amene mkazi wake, mwamuna wake kapena kampani yake ikufufuzidwa, azinena poyera ndi kutuluka m'chipinda tsiku limenelo. Munthu woimbidwa mlandu pabwalo sasankha nduna za mfumu zomuweruza.

Yachisanu: lamulo liike malire a miyezi imene munthu angagwirizire mpando, ndipo miyeziyo ikatha Nduna izibwera m'Nyumba kudzafotokoza chimene chachedwetsa.

Yachisanu ndi chimodzi: aphungu aganizire zotalikitsa nthawi ya mkulu wa ACB, ikhale imodzi yosabwereza. Milandu ya katangale m'makhoti athu itenga zaka zambiri, ndipo zaka zitatu zitha munthu asanaone mapeto a mlandu umene anauyamba. Pamodzi ndi zimenezi, aphungu pokambirana bajeti aziona kuti maofesi amenewa apatsidwa ndalama zawo pa nthawi yake, pakuti mlonda wopanda mafuta a galimoto sangafike kuno kudzaona mlatho umene unalipiridwa koma sunamangidwe.

Nanga ife tichite chiyani? Msonkhano ukavomereza mfundo izi, ine monga mlembi ndilemba kalata kwa phungu wa dera lathu, ndipo aliyense wofuna adzasaina kapena kudinda chala. Kuyambira chisankho cha 2025 Nyumba ili ndi mipando 229, ndipo si aphungu onse ali mu komiti ya maudindo. Koma aliyense wa iwo angathe kufunsa funso m'Nyumba, ndi kuvota lamulo likabwera. Tidzamupempha abwere atiyankhe pamaso, mfundo ndi mfundo. Tilinso ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zimene maofesi a Boma asunga, limene linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Inu achinyamata amene munapita kusekondale, liwerengeni ndipo mutithandize kulemba makalata ofunsa. Phungu akabwera kudzapepesa maliro kapena kudzapereka mpira, timulandire mwaulemu monga mwa mwambo wathu, koma asanakwere galimoto timufunse za mlonda wa nkhokwe. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Amayi ndi abambo, makolo athu anavutika kuti m'Nyumba ya Malamulo mukhale anthu athu osankhidwa ndi ife, ndipo ena anamangidwa chifukwa cha zimenezo mu 1959. Mipando imene iwo anaimenyera nkhondo ili ndi ntchito yake, ndipo imodzi mwa ntchitozo ndi kuonetsetsa kuti wofufuza akuba sakusankhidwa ndi akubawo. Tikaleka kufunsa, aphungu adzaleka kuyankha, ndipo feteleza, mankhwala ndi mabuku a ana athu zidzapitirira kuthera m'njira. Mutu umodzi susenza denga. Ndikupempha kuti nthambi zinzathu zimene zidzawerenge mawu awa zilembenso makalata kwa aphungu awo.

Tsopano ndibweza nthawi kwa inu kuti anthu afunse mafunso ndi kupereka maganizo awo.